Lipoti la msonkhano wa mowa ndi ngozi zapamsewu, kwa anzanga akabaza

Apampando, akomiti ndi anzanga nonse apasiteji, ndabwerako kumsonkhano munandituma kuboma uja. Kunali azaumoyo, apolisi apamsewu, mafumu ndi nthumwi za masiteji ena.

Nkhani yandikhudza kwambiri ndi ya matsire. Ambirife timati bola wagona, mowa watha. Adokotala anatiuza kuti chiwindi chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono, pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola, ndipo kusamba madzi ozizira, tiyi kapena kanyenya sizifulumizitsa ntchitoyo. Amene wamwa kachasu mpaka pakati pa usiku, poliza njinga m'mamawa mowa umakhala udakali m'thupi. Maso amaona bwinobwino, koma dzanja limachedwa kugwira buleki. Nthawi yake ndi yomwe ija timanyamula ana asukulu ndi amayi opita kumsika, dengu la tomato lili pamwendo. Wina n'kuwonjezeranso kabotolo kochotsera matsire! Tisabisane, zimachitika pasiteji pathu pomwepa.

Masacheti boma linaletsa, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki. Anatikumbutsanso za anthu anamwalira ku Manase mu Blantyre mu Epulo 2024 atamwa mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni. Mowa wosadziwika kochokera ukhoza kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, yemwe amachititsa khungu ndi kupha. Mnzathu akayamba kuona mwachimbuuzi, kusanza, kupuma mobanika, timuthamangitsire kuchipatala, osati kumugoneka kaye.

Amene muli pa ma ARV musadumphe mankhwala chifukwa mwamwa. Amene muli pa mankhwala a TB dziwani kuti mowa ukulemetsanso chiwindi chomwe chili kale pantchito. Wonjenjemera m'mawa akapanda kumwa asasiye payekha mwadzidzidzi, angathe kukomoka, apite kuchipatala. Thandizo liliponso kuzipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Apolisi anakumbutsa kuti kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndiye tisalole kutumidwa ndi ana.

Pempho langa n'lakuti wonunkha mowa asalowe pamzere tsiku limenelo, makiyi asunge apampando. Ndikudziwa kuti n'zowawa, poti mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo. Komabe ine ndaima pamenepo, ndipo ngati n'kotheka thumba lathu limubwereke ya tsikulo. Alembi, chonde muiike nkhaniyi pamkumano wa Loweruka.