Kwa inu amene munandigulitsa laputopu yogona pa ntchito

Abwana, ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp mukungowerenga osayankha.

Pogula ndinakuuzani kuti ndimajambula zithunzi mu situdiyo, ndipo kamera ndimailumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB kuti chithunzi chizitulukira pa sikirini pompopompo, kasitomala adzionere yekha. Munati makinawa ndi a ntchito yomweyo. Koma ndikangochoka pa kiyibodi kukasuntha laiti kapena kuwongola duku la mayi amene akujambulitsa, basi laputopu yagona, sikirini yathima. Ikagona, pulogalamu imataya kamera, ndiye zula chingwe, zimitsa kamera, yatsanso, dikira. Loweruka ndimajambula khanda lomwe linamwetulira kamodzi kokha, makolo ake ali chilili kumbuyo kwanga kuyang'ana sikirini yakuda bii.

Mnyamata wanu akuti vuto ndi chingwe. Ayi ndithu. Chingwe chomwecho chikugwira bwinobwino pa laputopu ya mnzanga, ndipo auto power off ya kamera, yomwe imaichititsa kudzizimitsa yokha, ndinazimitsa kalekale. Nkhani ndi yakuti Windows imaona kiyibodi ndi mausi pofuna kudziwa ngati munthu alipo, kudina kwa pa kamera siiwerengera. Mankhwala ake ndi odziwika: Sleep, posankha nthawi yoti makina agone, aikidwe pa Never kuti asamagonenso, pa chaja ndi pa batire pomwe, poti magetsi akathima makina amayamba kutsata malamulo a batire. Kenako USB selective suspend, yomwe imagoneka malo olowetsa chingwe cha USB, izimitsidwe, ndipo mu Device Manager, momwe Windows imaonetsa zipangizo za kompyuta, uletse kompyuta kuzimitsa USB Root Hub, yomwe imalamulira malo a USB, posunga moto. Ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Koma pa laputopu yanuyi zonsezo n'zokhoma. Posintha Sleep sipakudinika, ndipo pamwamba palembedwa kuti zina zikulamulidwa ndi kampani. Kampani yake iti? Device Manager ikufuna pasiwedi ya administrator, wolamulira kompyuta, yomwe simunandipatse. Ndinati ndingoikamo Windows ina ndekha, kupeza BIOS, pulogalamu yomwe imadzutsa kompyuta Windows isanayambe, nayo ili ndi pasiwedi yake. Zikuonekeratu kuti makinawa ankagwira ntchito mu ofesi ina kunja, inu munangopukuta fumbi n'kuika pa shelefu. Kugulitsa za kaunjika si mlandu, tonse timagula zomwezo, koma mukanandiuza, osati kundinamizira chingwe.

Pano ndikuchita kukhazika mphwanga pa mpando kuti azigwedeza mausi ine ndikamajambula. Makasitomala amaseka, ine sindikuona choseketsa.

Chonde chotsani pasiwedi ya BIOS, mufufute zonse, muikemo Windows yatsopano yomwe mwini wake ndi ine, osandilipiritsanso. Ngati simungathe, tengani katundu wanu mundibwezere ndalama, lisiti ndili nalo. Lachisanu ndili ndi gulu la omaliza maphunziro lobwera ndi magauni awo. Likafika tsikulo musanayankhe, dandauloli ndikalitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.