Nyumba zogulitsa zikuchuluka, achimwene akukana kusayina

Alangizi,

Ndikulemba usiku uno chifukwa tulo tandithawa. Nkhani ndi ya nyumba imene malemu bambo anatisiyira ine ndi achimwene anga. Mapepala ali m'maina a tonse awiri, choncho sindingagulitse iwo asanasayine. Ine ndikufuna tigulitse tsopano. Zifukwa zina sindingazilembe m'nyuzipepala, ingodziwani kuti pali anthu amene akundidikira ndipo kuleza mtima kwawathera.

Komatu sindinangodzuka n'kunena kuti tigulitse. Ndili ndi kope momwe ndimalemba nyumba iliyonse yotsatsidwa m'dera lathu, kaya pa Facebook, kwa maejenti kapena pachikwangwani cha pageti: tsiku lomwe ndaiona koyamba, mtengo, zipinda, ndi tsiku lomwe yachoka. Mwezi ukatha ndimatenga nyumba zomwe zikadali pamsika n'kugawa ndi zomwe zagulidwa mweziwo. Zikakhala 30, zogulidwa 5, ndiye kuti patenga miyezi 6 kuti zonse zithe. Odziwa malonda a nyumba amati miyezi ngati 6 ndiye kuti msika uli pakatikati. Ikachepa, wogulitsa ndiye amalamula mtengo. Ikapitirira, ogula amasankha n'kumanenerera momwe afunira. Kuno inali pansi pa 6, pano yadutsa, ndipo ikukwerabe. Nyumba ina kuseri kwathu chikwangwani chake chafufuka ndi dzuwa mpaka nambala ya foni sikuwerengekanso, mtengo atsitsa koma wogula sakubwera.

Achimwene nditawapatsa kopelo sanalitsegule n'komwe. Anaikapo kapu yonyowa, chizindikiro chake chilipobe pachikuto. Akuti nyumba sitsika mtengo, tidikire. Kudikira n'kophweka kwa iwo chifukwa lendi amatolera ndi akazi awo, ine gawo langa limabwera mochedwa, atachotsapo za penti yemwe sindinamuonepo pakhoma. Mlamu wanga yemweyo ndiye ananditcha "ejenti wopanda ofesi" pamaso pa ana anga, anawo n'kuseka. Bambo akudwala ndimagona kuchipatala ndine, iwo ankangoimba foni. Lero ndine wadyera.

Achimwene akutinso kuwerenga kwanga n'kwabodza, poti nyumba imodzi imatsatsidwa ndi maejenti angapo. Zimenezo ndimazidziwa, ndimafananitsa zithunzi, geti ndi mawindo, n'kuilemba kamodzi. Ngakhale zija amazichotsa n'kuzibwezeretsa kuti zioneke zatsopano ndimazigwira. Chondivuta n'chakuti nyumba ikachoka pamsika sindikhala ndi umboni kuti yagulidwa, mwina mwini wake wangotopa n'kuikamo alendi. Ndikafunsa ejenti, aliyense amati yagulidwa. Ngati zina sizinagulidwe, ndiye kuti zinthu zaipa kuposa momwe kope likunenera, si choncho? Nanga chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chikakwera ogula amachepa, ndiye tikudikira ndani? Denga likudontha kuchipinda chakumbuyo, ndipo tikachedwa wogula adzatsitsira pomwepo mtengo.

Ndithandizeni. Kodi kawerengedwe kangaka n'kokwanira kuti munthu agulitsire nyumba, kapena ndipeze woyeza mtengo wa nyumba kuti achimwene amve kwa munthu wa mapepala, poti za mlongo wawo sazimva? Ndingawauze kuti agule gawo langa, iwo adikire okha? Akakana, lamulo limati chiyani pa nyumba ya anthu awiri? Sindikufuna kukokerana kukhoti ndi munthu amene tinayamwa bere limodzi, koma kodi ndiwauze vuto langa lenileni, pamene ndikudziwa kuti likafika kwa mlamu mawa lake abale onse adzakhala atamva?

Ine mlongo wosowa mtendere