Kwa Tadala ku Leeds, za heat pump ija

Mwana wanga Tadala,

Amayi ako andiuza kuti boila ya m'nyumba mwanu, makina otenthetsa madzi ofunditsira nyumba aja, yafa, ndipo bambo a Mphatso akufuna muike heat pump, koma iwe mtima ukukayika. Pafoni sindikanalongosola bwino, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Zaka zonse ndinkakonza mafiriji ku Limbe zija, makina ake anali omwewa, kungoti awa ndi otembenuza.

Uli wamng'ono unkakonda kupisa dzanja kuseri kwa firiji kushopu kuja, n'kumandifunsa chifukwa chake kukutentha pamene m'kati muli ayezi. Firiji imatola kutentha kwa m'kati n'kukakutaya kunja, basi. M'mapaipi mwake mumayenda gasi amene amawira ngakhale pozizira kwambiri, ndipo akamawira amamwa kutentha. Kompresa imam'panikiza mpaka atenthe zedi, monga pampu ya njinga imatenthera m'manja ukamapopa tayala. Akatula kutenthako amasanduka wamadzimadzi, amadutsa pakabowo kakang'ono, n'kuziziranso, ulendo n'kuyambanso. Heat pump imatola kutentha mumpweya wapabwalo n'kukulowetsa m'nyumba. Ngakhale m'chisanu cha January, mumpweyamo mumakhalabe kotola. Ku Norway, kozizira kuposa kwanuko, nyumba zoposa theka zimafunditsidwa chonchi.

Ikaikidwa bwino, yuniti imodzi ya magetsi imabala mayuniti 3 kapena 4 a kutentha, chifukwa magetsiwo ntchito yake n'kungosamutsa. Koma kwanuko yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Ndiye ikaikidwa mwachisawawa n'kumabala mayuniti awiri okha, bilu idzakulizani.

Apa ndiye ndikufuna umvetsetse. Boila ya gasi imatumiza madzi otentha mpaka madigiri 70, oti sungagwire, m'maradiyeta, zitsulo za pakhoma zofunditsira zipinda zija. Heat pump imasangalala ndi madzi ofunda, a madigiri 35 mpaka 50, oyenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Ukaikakamiza kutenthetsa kwambiri, kompresa imavutika n'kumadya magetsi ambiri. Choncho maradiyeta ang'onoang'ono m'zipinda zina angafunike kusinthidwa ndi akuluakulu. Komanso nyumba zanjerwa zakalekale ngati yanuyo zimataya kutentha kudenga ndi m'mawindo. Paja unandiuza kuti m'chipinda cha ana mumalowa mphepo pansi pa windo. Yambani mwatseka pamenepo ndi kuyala zofunda za kudenga, kenako muone za makina.

Munthu wodzaika akangoyang'ana nyumba ali pakhomo n'kutchula mtengo, musam'patse ntchito. Wodziwa ntchito amayeza chipinda chilichonse, makoma, mawindo, n'kuwerengera kutentha kumene nyumba imataya pa tsiku lozizira kwambiri. Musakopeke ndi makina aakulu poganiza kuti ndiwo amphamvu. Akakula mopitirira amangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Makompresa ambiri amene ndinachotsa atapsa anafa ndi matenda amenewa.

Za kuziziritsa m'chilimwe mugwirizane kaye awirinu musanagule. Ndikukumbuka mu July 2022, kutentha kutapitirira madigiri 40 ku England, unandiimbira kuti Mphatso sakugona. Mtundu wa heat pump wotenthetsa madzi a m'maradiyeta suthandiza kwenikweni pa zimenezo, pakuti ukathira madzi ozizira m'radiyeta imangochita thukuta n'kunyowetsa pansi. Woziziritsa bwino ndi uja wouzira mpweya m'chipinda, wofanana ndi ma air conditioner a m'maofesi kuno. Uli ndi valavu yotembenuza ulendo wa gasi, kotero umafunditsa ndi kuziziritsa komwe, koma nthawi zambiri sutenthetsa madzi osamba. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha wamadziwo, popeza miyezi yozizira kwanuko ndi yambiri ndipo masiku otentha ndi owerengeka. Mungokumbukira kuti mtundu umenewu umafuna malo a thanki ya madzi otentha.

Boma kumeneko lili ndi thandizo lotchedwa Boiler Upgrade Scheme, ndipo kuyambira October 2023 limapereka £7,500 pa mtundu wamadziwu ku England ndi Wales. Woikayo ayenera kukhala ndi satifiketi ya MCS, yosonyeza kuti ndi wovomerezeka pa ntchito yoika makinawa, ndipo ndi iye amene amakupemphererani ndalamazo. Muione satifiketiyo ndi maso.

Bokosi la heat pump limene limaikidwa pabwalo lisapanikizidwe pakona kapena pansi pa windo la chipinda chogona cha aneba; limafuna mpweya woyenda. M'nyengo yachisanu udzaliona litachita ayezi, kenako likutulutsa nthunzi ndi kudontha madzi. Usachite mantha, limakhala likudzisungunula lokha. Madziwo akhale ndi kolowera, asaundane panjira pomwe ana amadutsa.

Akakupatsani pepala la miyeso ija, ulijambule unditumizire pa WhatsApp musanasaine chilichonse. Ndikufuna ndione madigiri a madzi amene alembapo. Upereke moni kwa bambo a Mphatso ndi adzukulu anga. Amayi ako bondo lija likuchitako bwino.

Ndine bambo ako