Za mapazi a mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Kuno tilipo, kupatula bondo la abambo ako lomwe limawavuta kukangozizira. Kanema wa mwanayo akudumphadumpha m'khitchini ndamuonera kambirimbiri, mpaka amayi anzanga akutchalitchi atopa nane. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa ndisanafike pomwe ndikupita.

Wati akufuna kuphunzira gule wa ku Ireland, ndipo iwe ukuganiza zokongola ndalama kuti umugulire diresi la mpikisano. Zophunzirazo ndavomera ndi mtima wonse. Za ngongolezo ayi.

Paja tinamuputa tokha mwanayu. Ukukumbukira usiku uja nditabwera kudzakuonani ku Dublin, unatitengera ku Gaiety Theatre kukaonera chionetsero cha gule wa ku Ireland chija cha Riverdance? Ine ndinapita monyinyirika, mtima uli pa mtengo wa matikiti. Kenaka ovina aja anandanda mzere umodzi kuchokera uku mpaka uko, manja ali gwa m'mbali, msana uli njo, koma kuyambira m'mawondo kutsika m'munsi kuli nkhondo. Poti kwathu gule amakhala m'chiuno ndi m'mapewa, poyamba ndinaseka, ndimvekere kodi anthuwa awamanga zingwe? Kuseka kuja sikunachedwe kutha. Mapazi onse aja ankamenya thabwa ngati phazi limodzi, ndipo kugunda kwake ndinkakumva m'chifuwa muno. Nditacheuka ndinapeza mwana wako watsika pampando, wagwira chitsulo cha kutsogolo, zidendene zikugogoda pansi iye osadziwa.

Nditabwerera ndinafufuza chiyambi chake, ukudziwa uphunzitsi suchoka m'magazi. Chionetsero chonse chija chinayamba ngati kagule ka mphindi 7 zokha, pa 30 April 1994, ku Point Theatre komweko ku Dublin. Unali usiku wa mpikisano wa nyimbo wa Eurovision, ndipo anafuna chosangalatsa anthu podikira mavoti. Nyimbo yake anapeka Bill Whelan, otsogolera kuvina anali Michael Flatley ndi Jean Butler. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja, ndipo pofika February 1995 kagule kaja kanali katasanduka chionetsero cha usiku wonse.

Tsono tapita pa YouTube ukaone zomwe Jean Butler anavala usiku umenewo. Kadiresi kakuda, kafupi, kosachulutsa zokongoletsa, tsitsi lake lomwe atalimasula. Ndi zimenezo anaimiritsa nazo holo yonse. Madiresi omwe ukuwasirirawo, odzaza timiyala tonyezimira, ndi a ku mipikisano yomwe eni ake amati feis, ndipo atsopano amatha kupitirira mayuro 1,000. Ukatero pakubwera wigi, pakubwera mayendedwe, pakubwera zodzola zodetsa miyendo (apa pokha wapulumuka, Mulungu anamudzoza kale mwana wathu). Chaka chisanathe wakula, diresi lathina, ngongole ikadali yomweyo. Ongoyamba kumene savala zimenezo. Amavina ndi siketi ndi bulauzi wamba, kapena chovala cha sukulu yawo yovinira. Amayamba ndi nsapato zofewa zomanga ndi zingwe, zolimba zogogoda zija zimabwera pambuyo, ndipo makolo amagulitsana zovalidwapo. Funsa amayi anzako pakhomo la kalasi, usachite manyazi. Wakula ndi kaunjika iwe.

Chomwe ndikufuna umupatse ndi khutu. Usiku uja maso a anthu anali pa miyendo, koma anga anakodwa ndi bambo wina atakhala pampando, thumba lachikopa m'khwapa, mvukuto wamangidwa pa chigongono china, akupopa ngati wosula makasu uku zala zikuthamanga pa chitoliro. Amati uilleann pipes, dzinalo likuchokera ku mawu awo otanthauza chigongono. Kulira kwake kunandikumbutsa maliro a agogo ako, sindikudziwa chifukwa chake. Panalinso kang'oma kaphwatalala ka chikopa cha mbuzi, bodhrán, koimba ndi kamtengo kamodzi, dzanja lina lili mkati likusintha mawu. Wovina amatsata anthu amenewa. Mwana wosasiyanitsa nyimbo ya reel, yomwe amawerenga zinayizinayi, ndi ya jig, yomwe imayenda zitatuzitatu, angovala zodula n'kumaponda pambali. Mutengere komwe anthu amakhala mozungulira n'kumaimba pamaso, masana pomwe ana amaloledwa. Mukadzapeza mpata mupite chakumadzulo ku Connemara, akaone kavinidwe kakale ka sean-nós, komwe manja amakhala omasuka, mapazi osatalikira pansi. Makolo awo ankazula chitseko n'kuchigoneka pansi kuti apeze povinira.

Unadandaulanso kuti mwina adzamunena kuti si gule wakwawo. Flatley anakulira ku Chicago, Butler ku New York, konseko ndi ku America. Onsewo ndi ana obadwira kuchilendo, omwe anaphunzira gule wa makolo awo kutali ndi Ireland, n'kubwera naye kudzadabwitsa eni dziko. Apa pali ziwiri. Mwanayo akukulira ku Dublin, gule ameneyo ali naye mbali, avine mosaopa. Koma makolo a ana aja sanaleke kuwaphunzitsa zakwawo, pomwe iwe pafoni ndikumva ukumuyankhula Chingerezi chokhachokha. Ndikadzamufunsa dzina la agogo ake adzandiyankhe m'Chichewa, ndipo chimtali udzamuonetse wekha, usadikire ine wa msana wothawu.

Usayambenso kumuwerengera ndalama m'mapazi, zoti adzayendera dziko lonse ndi ndege. Oyenda ndi zionetserozo amavina pafupifupi usiku uliwonse, misongolo ndi akakolo zili zotupa, ndipo ndi ntchito ya pa unyamata. Ngakhale Flatley yemweyo sanathe chaka mu chionetsero cha usiku wonse chija cha Riverdance. Anasemphana ndi eni chionetsero, anachoka mu 1995, n'kukayambitsa chake, Lord of the Dance, mu 1996. Mwana wako ali ndi zaka 7. Akatopa nazo chaka chamawa, umusiye.

Nsapato zofewazo ndilipira ndine, ndalama ya mtedza yalowa. Unditumizire mtengo wake. Ndipo umupezere thabwa loti azivinirapo, uyale kapeti yakale kunsi kwake, asanakudandaule mayi wokhala pansi panu uja yemwe anatipatsa tiyi.

Abambo ako akuti moni, akutinso uwatumizire kanema wina, woyamba uja anaufufuta mwangozi.

Ndine,
Amako