Famu ya nyama zakutchire si mpanda wokha

A Mkonzi,

Anthu ambiri akufuna kugula mafamu aakulu osakirako nyama ndi kupumulirako alendo m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, koma amangoyang'ana kukula kwa malo.

Kumeneko lamulo la 1991 limalola mwini famu kukhala mwini wa nyama ngati malo ali ndi mpanda wokwanira. Ngoma ndi ntchefu zimadumpha, choncho waya afike mamita 2.4 kutalika. Njiri zimakumba pansi pake, n'chifukwa chake mpanda umafunika kuuyendera sabata iliyonse.

Chachikulu ndi madzi. Yezani mjigo mu Seputembala kapena Okutobala, madzi atatsika, osati nthawi ya dzinja. Malo omwera akachepa, nyama zimaunjikana, udzu umatha, nthaka imakokoloka ndipo zitsamba zaminga zimamera pomwe panali msipu. Nswala zimaswana msanga. Zikapanda kuchepetsedwa chaka ndi chaka, zimafa ndi njala chilala chikabwera.

Njati musagule popanda chikalata cha dokotala wa ziweto, chifukwa zimatha kupatsira ng'ombe za anzanu matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Njira zotchinga moto lambulani udzu usanaume.

Ife,
Oyang'anira mafamu, Limpopo