Lipoti la Msonkhano wa Kamangidwe ka Netiweki za Fiber Zokhala ndi Njira Zapadera

Kwa Wapampando ndi mamembala onse a komiti,

Munandituma kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa akatswiri okonza netiweki za fiber (zingwe zonyamula mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala), ndipo mfundo imene ndikupempha kuti muilingalire mofatsa ndi yakuti zingwe ziwiri zokwiriridwa m'ngalande imodzi siziyenera kuwerengedwa ngati njira ziwiri.

Tinayamba ndi kamangidwe kozungulira ngati mphete, komwe uthenga umabwerera n'kudzera mbali inayo chingwe chikaduka. Muyezo wa G.8032, wa bungwe la ITU-T loika miyezo ya kulumikizana padziko lonse, unakonzedwa kuti kusinthaku kuzichitika pasanathe mamilisekondi 50 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), ndipo pamenepa panalibe wotsutsa.

Zokambirana zinakula titafika pa zingwe zimene pamapepala zimaoneka zosiyana, pamene kwenikweni zimawolokera pamlatho umodzi, zimalowera pakhomo limodzi la nyumba ya makina, kapena zimadalira magetsi amodzi, moti makina okumba msewu akazikola, zonse zimaduka nthawi imodzi. Izi zimachitikanso pansi pa nyanja. Pa 14 Malichi 2024 zingwe zinayi, WACS, ACE, SAT-3 ndi MainOne, zinawonongeka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo intaneti inasokonekera m'mayiko ambiri a kumadzulo kwa Africa ngakhale kuti eni zingwezo anali osiyana. Dziko la Tonga, lomwe linkadalira chingwe chimodzi chokha chopita kunja, linadikira pafupifupi milungu isanu kuti chikonzedwe phiri litaphulika mu Januwale 2022.

Chinanso chimene chinandikhudza n'chakuti njira yapadera, imene uthenga umadzera njira yaikulu ikaduka, iyenera kukhala yotha kunyamula mauthenga onse payokha, chifukwa ikakhala yodzaza kale, anthu amavutikabe ngakhale makina atasintha njira bwinobwino. Kuisiya osaiyesa n'kulakwanso, pakuti ikhoza kufa mwakachetechete popanda wodziwa mpaka tsiku limene ikufunika.

Maganizo anga ndi akuti tisasaine pangano ndi kampani iliyonse yopereka fiber isanationetse mapu a kumene zingwe zake zikudutsa, popeza makampani awiri akhoza kukhala akubwereka chingwe chimodzi kwa mwini mmodzi. Ndikudziwa kuti kukumba ngalande yachiwiri n'kokwera mtengo, choncho ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tisankhe malo oyenera kuyambira, komanso tigwirizane za usiku umene akatswiri athu angazimitse dala njira yaikulu kuti aone ngati yapaderayo ikugwiradi ntchito.

Ine nthumwi yanu.