Warfarin alipo, koma poyezera INR ndi kutali: titani?

Adokotala,

Ndine namwino pa chipatala china chakumudzi. Ndikupempha nzeru zanu pa odwala atrial fibrillation, nthenda imene zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera, mtima n'kumagunda mothamanga komanso mosalongosoka. Ambiri kuno si okalamba ayi. Ndi anthu amene valavu ya mitral (kachitseko ka pakati pa zipinda za kumanzere kwa mtima) inawonongeka kaamba ka zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali ana, nthenda yotchedwa mtima wa rheumatic.

Kuchepetsa liwiro la mtima sikuvuta kwenikweni. Cholinga n'chakuti munthu akapuma mtima usapitirire kugunda ka 110 pa mphindi, ndipo timawerenga pachifuwa ndi stethoscope mphindi yathunthu, poti pamkono kugunda kofooka sikumveka, chiwerengero chimanama. Atenolol timayamba ndi 25 mg kamodzi patsiku n'kumakwera pang'onopang'ono, osapyola 100 mg. Wamphumu sitimupatsa, ndipo sitiphatikiza ndi verapamil, kuopa kuti mtima ungatsike mpaka munthu kukomoka. Wotupa miyendo ndi wabefu amalandira digoxin 0.125 mg pamodzi ndi furosemide, mankhwala okodzetsa, koma apa pali msampha: furosemide amataya potaziyamu mumkodzo, ndipo potaziyamu akachepa digoxin amasanduka poizoni ngakhale mlingo sunasinthe. Munthu amachita nseru, kusanza, kukana chakudya, mwina kuona zinthu zachikasu, achibale n'kumati ndi malungo. Kumene kulibe poyezera potaziyamu ndi impso, kodi tiziwonjezera spironolactone 25 mg, amene amasunga potaziyamu m'thupi, kapena n'kuika moyo pachiswe?

Chondisowetsa tulo ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Mtima wonjenjemera umaundanitsa magazi, chibuluma chikathawira ku ubongo ndiye sitiroko. Aspirin sakwanira pamenepa, ndipo kafukufuku wa INVICTUS wa 2022 anaonetsa kuti kwa a mtima wa rheumatic warfarin amateteza kuposa rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, ndiye kothawira kulibe. Koma warfarin amafuna INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3: ikatsika magazi amaundana, ikakwera munthu amatuluka kamfuno, nkhama zimachucha magazi, chimbudzi chimada bii. Poyamba amafunika kuyezedwa pafupipafupi, kenako mwina kamodzi pa mwezi, pomwe makina ali ku chipatala chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi imene wodwala alibe.

Zosokoneza INR nazo ndi za tsiku ndi tsiku. Bactrim, amene ambiri a ma ARV amamwa, amaikweza, metronidazole chimodzimodzi. Rifampicin wa TB amaigwetsa kwambiri, moti mlingo wa warfarin umayenera kukwera, ndipo ngozi imabwera akamaliza mankhwala a TB koma mlingo n'kusiyidwa pamwamba pomwepo. Ndiwo zamasamba, monga nkhwani, bonongwe, mpiru ndi chisoso, zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Ena amaletseratu masamba, zomwe ine ndimaona kuti n'kulakwa, munthu adyera chiyani nsima? Chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata, ngakhale zimavuta poti dzinja masamba ndi mbwee, chilimwe asowa. Brufen ndi diclofenac za pagolosale zimawonjezera kutaya magazi m'mimba, nthenda ya mutu kapena msana amwe panado basi.

Ndiye tithandizeni. Wodwala amene angathe kuyezetsa INR kamodzi kokha pa miyezi itatu, tim'yambitse warfarin kapena ayi? Mayi wa msinkhu wobereka, poti warfarin amatha kupundula mwana m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, timuike pa njira iti yolera, ndipo akapezeka kale ndi mimba tim'tumize msanga motani? Komanso atenolol akatha m'famase, popeza kusiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima koposa poyamba, kodi tingasinthire ku propranolol, ndipo pa mlingo wanji?

Ine wanu,
Namwino wodandaula